Funsani Malume: Kodi ziboliboli za zitsulo zingandidyetse mpaka kukalamba?

Funso: Malume, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimawotcherera zitsulo ku Ndirande. Chimene chimandidyetsa ndi mageti, mafelemu a mawindo ndi ma burglar bar. Koma madzulo ndimatola zitsulo zakutha, masipuling'i a galimoto ndi matcheni a njinga, n'kupanga mbalame ndi ng'ona. Mwini loji wina ku Mangochi anagula chimbalame changa n'kuchiimika pabwalo. Mtima wanga uli kumeneko. Ndisiye mageti? Nanga munthu angakalambe ndi ntchito yotereyi? *Wowotcherera, Blantyre*

Yankho: Mphwanga, mageti usasiye. Getilo ndi limene likugulira ma rodi owotcherera ndi mayunitsi a magetsi, ndipo ndi limene likuphunzitsa dzanja lako kuwotcherera mowongoka. David Smith wa ku America, amene dziko limamudziwa ndi ziboliboli zikuluzikulu za zitsulo, anagwirapo ntchito pa fakitale ya galimoto ya Studebaker mu 1925, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankawotcherera mitu ya sitima ndi akasinja. Ntchito yolipidwa sinamuphe luso. Zokalamba nayo, n'zotheka ndithu. Edoardo Villa anafika ku South Africa ngati mkaidi wa nkhondo wochokera ku Italy, anakhazikika ku Johannesburg, ndipo anapanga ziboliboli za zitsulo kwa zaka zambirimbiri mpaka anamwalira mu 2011 ali ndi zaka 95.

Koma ine ndikufunse: chimbalame chako cha ku Mangochi unapita kukachiona mvula itatha? Pita. Chiboliboli cha panja chimakutsatsa malonda usana ndi usiku, ndipo chikawola chimakunyozetsanso usana ndi usiku. Walira mvula walira matope: wasankha pabwalo, ndiye kuti wasankha kulimbana ndi dzimbiri moyo wako wonse.

Dzimbiri limayamba pamene madzi akhala. Paipi iliyonse yomwe wagwiritsa ntchito uiboole kabowo kunsi kuti madzi atuluke, chifukwa paipi imawola kuyambira mkati, penti ali chinyezimire kunja. Polumikiza usamangodontheza apa ndi apo monga amachitira anzathu ena pa mafelemu otchipa. Wotcherera mzere wonse, tseka mng'alu uliwonse. Ukatha, pala ndi grinder mpaka chitsulo chiyere, paka red oxide (penti woyamba woteteza ku dzimbiri) tsiku lomwelo, kenako penti kawiri. Miyendo usaikwirire m'dothi. Umba konkire yotumphuka pamwamba pa nthaka, ndipo chiboliboli chimangidwe ndi mabawuti pa chitsulo chophwatalala, kuti tsiku lokonza ungomasula. Za masipuling'i akowo, chenjera: chitsulo chake n'cholimba koma chimang'aluka pafupi ndi powotcherera chikazizira msanga. Yamba wachitenthetsa, ukatha chisiye chizizire chokha, osachithira madzi. Ndipo usachipatse ntchito yonyamula thupi lonse la chiboliboli.

Adzabwera makasitomala ndi chithunzi pafoni, amvekere, "Musapake penti, tikufuna cha dzimbiri ngati ichi." Nthawi zambiri chimene aonacho ndi chitsulo cha Corten, chosakaniza ndi kopa ndi zina, chomwe dzimbiri lake limauma n'kukhala chikopa choteteza za mkati. Ndi chimene anapangira Angel of the North (chiboliboli cha mngelo) ya Antony Gormley ku Gateshead, ku England, yomwe inaimikidwa mu 1998, yotalika mamita 20, mapiko ake mamita 54. Chitsulo wamba chomwe umagula ku hardware sichitero ayi, chimangodyekabe mpaka kubooka. Auze zoona, ngakhale akhumudwe.

Mngelo ameneyu ali ndi phunziro lina. Maziko ake a konkire analowa pansi pafupifupi mamita 20, chifukwa mapiko amakola mphepo. Chako n'chaching'ono, inde, koma Mwera wa kunyanja sasewera, ndipo ana adzachikwera basi, uwaletse usawaletse. Chikapitirira msinkhu wa munthu kawiri, lipira injiniya aone maziko. Nsonga zonse zakuthwa uzibunthitse.

Tsopano thupi lako, pakuti ntchito ya moyo wonse imafuna maso a moyo wonse. Zimandiwawa ndikamaona anyamata m'mbali mwa msewu akuwotcherera atavala magalasi a dzuwa, ena atangotsinzina. Usiku maso amachita ngati alowa mchenga, ndipo kuwala kumeneko kumawononga pang'onopang'ono. Gula helimeti yeniyeni usanagule foni yatsopano. Chitsulo cha galvanised, chomwe chimakhala chokutidwa ndi zinc, chimatulutsa utsi wa zinc womwe umadwalitsa ngati malungo. Wotcherera pamalo opita mphepo, ndipo zoti mkaka umachotsa utsiwo m'thupi ndi nkhambakamwa chabe. Makutu nawo uwatseke ukamagwiritsa ntchito grinder.

Pa ndalama ndinene mwachidule. Tenga theka ntchito isanayambe. Mulembe pangano: adzanyamula ndani, konkire alipira ndani, penti adzabwereza ndani. Dinda dzina lako ndi chaka pa chiboliboli chilichonse, chijambule chili pamalo pake, ndipo ukafunse ku COSOMA za umwini wa luso lako. Pepala la ku TEVETA kapena ku koleji ya ntchito zamanja monga Soche lidzakuthandiza tsiku limene khonsolo kapena kampani idzafune zikalata isanakupatse ntchito.

Chotsala n'chakuti upange chiyani. Mbalame ndi ng'ona zimagulidwa, koma aliyense akuzipanga. Anzathu a ku Maputo anatenga mfuti za nkhondo yapachiweniweni, zomwe anthu ankapereka posinthana ndi makasu, njinga ndi makina osokera pa ntchito yomwe mipingo inayambitsa mu 1995, n'kuzidula n'kupanga mipando komanso zifanizo za mitengo. Mpando umodzi wa mfuti unagulidwa ndi British Museum mu 2002, ndipo Gonçalo Mabunda watchuka m'maiko ambiri ndi luso lomweli. Ogulawo sankafuna chitsulo, ankafuna mbiri ya Mozambique yomwe inali m'chitsulomo. Iwe kwanu kuno kuli makasu otha, njinga za kabaza zakufa, zigayo zoleka. Patula masiku awiri pa sabata a zako zokha, ndipo chaka chino upange chimodzi chachikulu chomwe palibe wakutuma. Ukachimaliza unditumizire chithunzi, koma cha kumiyendo, pamene chakumana ndi konkire.