Funsani Dokotala: Kodi zakumwa za "zero" zindipatsa khansa?

Adokotala, ndine mayi wa zaka 46. Kwathu ndi ku Ulónguè koma ndimagwira ntchito ku Lisbon. Kwa miyezi inayi tsopano ludzu silikunditha, usiku ndimadzuka kanayi kukataya madzi, masiketi nawo akundikhwepa. Amayi anga anamwalira ndi matenda a shuga, choncho ndinasiyiratu shuga. M'khofi ndimathira kapaketi ka adoçante, chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga, ndimamwa Coca-Cola Zero, ndipo mnzanga amandigawirako mapiritsi ake a matenda a shuga otchedwa metformin. Pano ndamva kuti zotsekemeretsazi zimayambitsa khansa. Ndibwerere ku shuga weniweni?

Mayi, mwafunsa za khansa, koma chimene chikukusowetsani tulo ndi chija chinatenga amayi anu. Tifikako, poyamba ndichotse kaye mantha a khansawo.

Mphekeserayi ili ndi gwero lake. Mu Julayi 2023, IARC, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, inaika aspartame, chotsekemeretsa chimene chili mu Coca-Cola Zero, m'gulu la 2B, la zinthu zimene akuzikayikira koma umboni wake ndi wochepa. M'gulu lomwelo mulinso madzi ofinya ku tsamba lathunthu la aloe vera, amene ena amamwa ngati mankhwala. Tsiku lomwelo komiti ina ya WHO ndi FAO, bungwe loona za chakudya ndi ulimi, inanena kuti mlingo woyenera sukusintha: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Kuti munthu wa makilogalamu 70 apyole pamenepo, ayenera kugugudiza zitini za zakumwa zoterezi zoposa 9 mpaka 14 tsiku lililonse. Uthenga woyambawo ndi umene unathamanga pa WhatsApp, wachiwiriwu unatsalira m'mbuyo.

Komanso si inu nokha amene mukumwa zimenezi. Kuchokera mu Febuluwale 2017, pamene boma la Portugal linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera, makampani ambiri anachepetsa shuga n'kumathirako zolowa m'malo mwake. Mukapita ku sitolo ya Pingo Doce, tembenuzani botolo kapena kachikho ka yogati muwerenge tilembo ting'onoting'ono: E950, E951, E955. Awa ndi manambala a zotsekemeretsa, ndipo E951 ndiye aspartame. Ambiri akumwa osadziwa n'komwe. Oyenera kupewadi aspartame ndi obadwa ndi matenda osowa otchedwa phenylketonuria, n'chifukwa chake pamakhala chenjezo lawo pachitinipo.

Ndiye ku shuga musabwerere. Chitini chimodzi cha Coca-Cola wamba, cha mamililita 330, chili ndi magalamu 35 a shuga, ndipo kwa inu pakali pano choopsa ndi chimenecho. Koma "zero" nayenso si mankhwala. Sakweza shuga m'magazi monga chakumwa wamba, koma satsitsanso amene wakwera kale. Ludzu likakula, imwani madzi.

Tsopano mundilole ndikudzudzuleni pang'ono ngati mlongo wanu. Miyezi inayi ndi yambiri, mayi. Ludzu, kukodza usiku ndi kuonda popanda chifukwa, kwa munthu amene mayi ake anadwala shuga, si zinthu zodikira nazo. Ndikumvetsa kuti kuyezetsa n'kovuta kwa amene anadwazikapo kholo mpaka kuliika m'manda. Komatu shuga akamakhala wokwera amadya mwakachetechete maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Za mapiritsi a mnzanuwo, iye anapatsidwa atayezedwa impso zake, mlingo wake n'kuuyeza pa thupi lake. Zanu impso palibe waziona. Mapiritsiwo angathenso kubisa zotsatira, dokotala n'kuganiza kuti vuto ndi laling'ono. Musamwenso mpaka akuoneni.

Sabata ino pitani ku centro de saúde, chipatala chaching'ono cha dera lanu, ngakhale mulibe médico de família, dokotala wa banja, mukapemphe kuonedwa tsiku lomwelo. Ngati simukudziwa poyambira, imbani SNS 24, foni ya boma ya uphungu wa zaumoyo, pa 808 24 24 24. Akakuyezani shuga musanadye kanthu, komanso hemoglobina glicada, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi. Woyambayo akafika 126 mg/dL, kapena winayo 6.5%, ndipo dokotala n'kutsimikiza, ndiye kuti ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala ake alipo. Mukapemphenso kuti akuoneni impso, maso ndi mapazi. Mukayamba kusanza, kufooka kwambiri, kusinza masana kapena kupuma mothamanga, musadikire tsiku limenelo, imbani 112, nambala ya zadzidzidzi.

Popita mutenge kapepala ka mapiritsi a mnzanu aja, mukawauze masiku amene mwamwa, ndipo za amayi anu mukazitchule koyambirira.