Salmon ya aneba: dikirani ifewe, kenako mpeni utsate munga

Mayi wina wakwathu amene amakhala ku Perth, kuno ku Scotland, wandilembera imelo ndipo wandilola kuyankha poyera. Malonje ndadumpha, funso lake ndi ili: "Aneba anga ndi bambo wachikulire wokonda kuwedza mumtsinje wa Tay. Mu Ogasiti anandipatsa salmon yathunthu ya makilogalamu ngati atatu, yongovuula kumene. Ndinafuna kuchotsa mnofu wokhawokha ngati uja timagula m'sitolo, koma zinandikanika. Nsomba inali gwa ngati chikuni, mnofu unang'ambikang'ambika, wambiri unatsalira kumunga, ndipo mwana wanga anapezabe minga m'mbale. Akuti adzandipatsanso. Ndinalakwitsa pati? Nanga salmon si mpasa yomwe ija ya kwathu?"

Achemwali, aneba amenewo muwasunge bwino. Salmon yogwidwa ndi mbedza kuno sigulitsidwa, lamulo linaletsa mu 2002, choncho njira yoti muilawe n'kuwedza nokha kapena kupatsidwa basi. Ngakhale pa Tay pomwepo, pamene nyengo yowedza imayamba pa 15 Januwale n'kutha pa 15 Okutobala, nsomba yogwidwa tsiku la 1 Epulo lisanafike imayenera kubwezedwa m'madzi yamoyo. Kuyambira 2016 mitsinje inaikidwa m'magulu atatu potengera mmene salmon ikupezekera, ndipo mumitsinje ya gulu lachitatu saloleza kupha salmon chaka chonse. Lamlungu salmon sawedza n'komwe. Zonsezi n'chifukwa choti nsombayi ikutha: mu Disembala 2023 bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika salmon ya ku Britain pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi. Asodzi ambiri masiku ano amabweza pafupifupi iliyonse imene agwira. Imodzi pachaka ikakupezani, si nsomba yoti muiphunzirire mpeni mwachisawawa.

Za mpasa, ayi, si pachibale. Azungu anaitcha salmon ya m'nyanja chifukwa cha khalidwe lake lokwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswana, koma mtundu wake ndi umodzi ndi sanjika, ntchila ndi usipa. Amene anadyapo mpasa ku Nkhotakota akudziwa timinga tija tobisala mumnofu monse. Salmon ndi yaulemu, minga yake ili pamzere ndipo mukhoza kuiwerenga.

Tsopano polakwika penipeni. Mwanena nokha kuti nsomba inali gwa. Pamenepo mpeni sunayenera kuikhudza. Nsomba ikafa imakhala yofewa kwa maola ochepa, kenako imauma thupi monga chimachitira chamoyo chilichonse chikafa, ndipo yomwe yalimbana ndi chingwe nthawi yaitali imauma msanga chifukwa mphamvu za mumnofu zatha kale. Mukaiwongola mokakamiza kapena kuidula ili choncho, timinyewa topyapyala tomwe timagwira zigawo za mnofu timaduka, ndiye mnofu umayasama ngati masamba a buku lonyowa. Mpeni wanu mwina unalibe mlandu. Munangofulumira.

Ikadzabweranso, muitumbule tsiku lomwelo, muigoneke pa ayezi mufuriji mimba ili pansi, ayezi wina m'mimbamo, ndipo madzi osungunuka muzikhuthula kuti isavuukemo. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri. Mukainyamula pakati n'kuona mutu ndi mchira zikulendewera, yakonzeka. Ndikudziwa kuti kwa ife okulira m'mbali mwa nyanja izi zimamveka zachilendo, poti chambo cha m'mawa chimadyedwa masana. Koma chambo timaphika chathunthu, sitichisenda.

Aneba anuwo muwafunse ngati anaikhetsa magazi kumtsinje. Msodzi wodziwa amaigogoda pamutu ndi kachibonga kamene kuno amakatcha wansembe, poti ndi kamene kamapereka mwambo womaliza, kenako amadula zopumira zofiira zija kumbali imodzi kuti magazi atuluke mtima ukadagunda. Magazi akatsalira, mnofu umachita mawanga akuda ndi kafungo ka chiwindi. Potumbula, lowetsani nsonga yokha ya mpeni potulukira chimbudzi, kuthwa kuli m'mwamba, n'kukwera mpaka kukhosi. Samalani ndulu, mwambo wake ndi womwe uja wa kwathu. Matumbo akachoka muona mzere wakuda ngati magazi oundana wotsata msana. Imeneyo ndi impso. Ing'ambeni ndi mpeni, muikokote ndi supuni, mutsuke ndi madzi ozizira. Kutsuka kuthere pomwepo. Mnofu ukachoka pamunga usapite pampopi, umamwa madzi n'kusuluka kukoma. Kuupukuta ndi pepala la m'khichini n'kokwanira, ngakhale mtima wachimalawi ukukuuzani kuti chilichonse chitsukidwe kawiri.

Ine ndinagwirako ntchito zaka zitatu pafakitale ina yokonza nsomba kumpoto kuno. Sabata yanga yoyamba, mayi amene ankatiyang'anira anatola munga womwe ndinataya, anaukokota ndi supuni pamaso pa anzanga onse, mnofu n'kudzaza kapu. Sanakalipe. Anangogwira dzanja langa, n'kupendeketsa mpeni pang'ono kuti kuthwa kuloze kumunga, n'kundiuza kuti ndizimvetsera. Mpeni ukamayenda bwino umamveka ukukwecha pamfundo za msana, kwe kwe kwe. Ukakhala chete ndiye kuti wakwera m'mwamba ndipo ukusiya ndiwo pansi. Phunziro lonse la ntchitoyi ndi limeneli, zina zonse n'zongowonjezera.

Pezani mpeni wopyapyala, wopindika mukaukanikiza, wotalika masentimita ngati 20, ndipo muunole kufikira uzidula pepala popanda kulikoka. Uja wosendera mbatata usiyeni. Pansi pa thabwa yalani kansalu konyowa kuti lisatsetsereke, nsombayo muipukute mpaka kuterera kuthe. Ngati mumakonda kudya khungu, palani mamba panopa, chifukwa mukasenda kale zimavuta.

Igonekeni chammbali, msana ukuyang'ana kwa inu. Kwezani chipsepse cha kuseri kwa mutu, mudule kumbuyo kwake mopendekera cha kumutu mpaka mpeni ugunde munga wamsana. Musaudule mungawo. Kupendekerako n'kofunika, chifukwa pakhosi pamwamba pali mnofu wochindikala womwe umapita ndi mutu mukadula mowongoka. Tembenuzani nsomba, mudulenso chimodzimodzi mbali inayo, kenako muibweze.

Akatswiri amagoneka mpeni pamenepo n'kuukoka kamodzi kokha mpaka kumchira, nthiti zikuthetheka. Inu musayambe ndi zimenezo. Lembani kaye mzere ndi nsonga ya mpeni kutsata msana kuyambira kumutu kufika kumchira, kudutsa pamwamba penipeni pa chipsepse cha pamsana, wakuya ngati chikhadabo. Kenako bwererani mumzere womwewo ndi mikwasa italiitali, mpeni utagona pamunga, chala chachikulu cha dzanja lina chikukweza mnofu pang'onopang'ono. Osacheka ngati sowo. Kuchekacheka n'kumene kumasiya masitepe pamnofu. Mukafika pamunga waukulu wapakati, mpeni ukwere pamwamba pake n'kutsikira mbali inayo. Cha kumutu mukumana ndi nthiti: ziduleni pomwe zalumikizana ndi msana, zipite limodzi ndi mnofu, muzichotsa bwino pathabwa. Cha kumchira kulibe nthiti, mpeni umangodutsa.

Mbali yachiwiri imavuta kuposa yoyamba, ndipo aliyense amaonongera pamenepa, chifukwa nsomba ilibenso chotsamira ndipo munga umapindikira pansi. Ikokereni m'mphepete mwa thabwa, mutu ulendewere kunja, kuti msana ugone mosalala. Chigwiriro cha mpeni chikhale kunja kwa thebulo kuti dzanja lisakukakamizeni kuukweza.

Nthiti zimachoka mosavuta. Lowetsani mpeni pansi pa mitu yake, kuthwa kutapendekera m'mwamba, muziona chitsulo chikuonekera kudzera m'kachikopa kopyapyala. Zichoke ngati chipeso chimodzi.

Minga imene mwana wanu anapeza si nthiti. Ndi timinga tina tofewa, pafupifupi 30 mbali iliyonse, toima pamzere mkati mwa mnofu kuyambira kumutu kufika chapakati kupitirira pang'ono. Sitilumikizana ndi msana mwamphamvu, n'chifukwa chake timatsalira. Yendetsani chala kuchokera kumutu kulowera kumchira, muzimva tikukubayani. Tengani pulayala yaing'ono yosongoka kukamwa, yotsuka bwino, mugwire kamodzikamodzi n'kukoka molowera kumutu, momwe kagonera, chala china chikutsindira mnofu. Mukakoka molunjika m'mwamba kamaduka kapena kamang'amba mnofu. Kuika mnofuwo pamwamba pa mbale yovundikira kumathandiza, timitu take timatulukira tokha. Apanso kudikira kuja kumakulipirani: pansomba ya lero timinga timeneti timakakamira zedi, koma pakapita masiku awiri timazuka ngati udzu wa pamchenga. Ndipo ana aang'ono muziwapatsa chigawo cha kumchira, kumeneko kulibe munga ndi umodzi womwe.

Mukaona kanyongolotsi koyera kopiringizika m'matumbo kapena mumnofu wa pamimba, musataye nsomba. Ndi Anisakis, ndipo salmon yosawetedwa imakhala nato kawirikawiri, makamaka yomwe potulukira chimbudzi pafiira ndi kutupa. Chotsani tomwe mwaona, muphike mpaka pakati pa mnofu papse, madigiri 63 ngati muli ndi choyezera. Ngati mwatengera zakuno zodya nsomba yaiwisi kapena yongothira mchere ndi shuga, iumitseni kaye ndi chisanu mufiriza. Ogulitsa amalamulidwa kuisunga pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola osachepera 24. Firiza yapanyumba nthawi zambiri imalekera pa madigiri 18 pansi pa ziro, choncho ine ndimaisiya sabata yathunthu.

Nsomba yanu ya makilogalamu atatu mu Ogasiti iyenera kuti inali yomwe yakhala m'nyanja yamchere dzinja limodzi lokha, ndipo kwa wophunzira ndiyo yabwino, imakwana pathabwa. Yomwe Georgina Ballantine anagwira pa Tay pomwepo mu Okutobala 1922 inalemera mapaundi 64, makilogalamu 29, ndipo palibe wawedzanso yoposa pamenepo ndi mbedza ku Britain. Imeneyo sindikudziwa kuti ndikanaiyambira pati. Chomwe muziyang'ana ndi khungu: yowala ngati siliva yangochoka kumene kunyanja, mafuta ake ali onse. Salmon ikalowa mumtsinje imasiya kudya, ndiye yomwe yakhalitsa imada kapena kufiirira khungu, mnofu n'kutuwa ndi kufewa. Yotero ndi yoti ibwerere ikaswane.

Mu imelo yanu simunatchule mutu, ndipo ndikuopa kuti unapita m'bini monga amachitira eni dziko. Chonde, achemwali. Chotsani zopumira zija chifukwa zimawawa, muung'ambe pakati, muuike mumphika pamodzi ndi munga woduladula ndi timizere ta mafuta ta pamimba tomwe munadula pokonza. Tomato, anyezi, mchere, madzi pang'ono, mafuta ophikira osathira poti nsombayo ili nawo okwanira. Mphindi 20 zakwana, mukapitiriza msuzi umayamba kuwawira. Kuseri kwa diso lililonse, patsaya, kuli kamnofu kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Ufa woyera umapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa ku Dundee ndi ku Edinburgh. Phikani nsima, aneba ajanso muwapatseko mbale, tsaya limodzi likhale lawo.