Powder coating kapena galvanising? Yankho kwa amdala a ku Kalingalinga

Imelo yandipeza kuchokera kwa amdala ena owotcherera zitsulo ku Kalingalinga, mu Lusaka muno. Ati apeza oda ya ma bracket 200 okhazikapo ma sola padenga, koma kasitomala wanenetsa kuti za red oxide (penti wofiira woteteza dzimbiri) ndi penti wa bulashi sakuzifuna, akufuna zosachita dzimbiri. Iwo makina alibe, ndiye akufuna kupititsa zitsulozo ku kampani ina ku industrial area. Akufunsa kuti asankhe powder coating kapena galvanising, komanso agwirizane bwanji ndi kampaniyo kuti asadzalire pambuyo.

Amdala, ma oda a sola achulukadi chiyambire load shedding ya 2024 ija madzi atachepa ku Kariba, ndiye musaiphonye iyi. Kwa chitsulo chokhala padenga, dzuwa lake lomwelo mvula yake yomweyo, komwe palibe adzakwerenso kukapenta, ine ndikuti galvanising, ija ya hot dip. Amayamba achotsa mafuta ndi girisi, kenako amanyika chitsulo mu asidi kuti dzimbiri lichoke, amachiviika mu flux (mankhwala othandiza kuti zinki agwire), basi n'kuchimiza mu zinki wosungunuka wotentha madigiri pafupifupi 450. Zinkiyo sakhala pamwamba chabe, amalowerera m'chitsulomo, ndipo chikakalika pang'ono zinki wa m'mbali ndi amene amayamba kudyeka chitsulo n'kupulumuka. Powder ikakalika dzimbiri limalowa kunsi kwake n'kumayenda inu osaona.

Sikuti powder ndi yoipa ayi. Pa mageti, mashelefu, mabokosi a magetsi imakongola kwambiri ndipo mtundu mumasankha nokha. Ndi ufa wa penti womwe amapopera ndi gani ya magetsi, umamatirira pachitsulo, kenako amalowetsa mu uvuni wa madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 mpaka 20. Koma mufunse kuti ufawo ndi wanji, chifukwa wa epoxy ukakhala panja umayamba kutuwa n'kumachoka ngati choko, wa panja ndi polyester. Mufunsenso kuti malaiti akapita uvuni uli pakati pa ntchito amatani, ali ndi jenereta kapena uvuni wawo ndi wa gasi? Powder yosapsa bwino poiona imanyezimira bwinobwino, koma ingogundika pang'ono poikweza pa Canter yayamba kale kusendeka.

Manje nkhani yeniyeni ili pa mgwirizano. Ambiri amangofika, kutsitsa katundu, n'kunena kuti abwana mutipangire bwino. Bwino wakeyo ndi ma micron angati? Ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi, ndipo ntchito yonseyi imayezedwa ndi amenewo. Pa galvanising pali muyezo wa ISO 1461 umene umati chitsulo chochindikala kupitirira 6 mm chikhale ndi zinki wa ma micron osachepera 85 mukatenga avareji, chopitirira 3 mm mpaka 6 mm akhale 70, cha 1.5 mpaka 3 mm akhale 55. Pa powder nthawi zambiri ndi 60 mpaka 80. Nambala imeneyi ilembedwe pa kotesheni, isangothera pakamwa, ndipo tsiku lotenga katundu auzeni atulutse kageji kawo ayeze inu mukuona, amangokagunditsa pachitsulo nambala n'kuoneka. Kampani yomwe ilibe kageji kameneka ine sindingaisiyire katundu wanga. Ngati ndi powder mulembenso nambala ya mtundu, monga RAL 9005 wakuda uja kapena RAL 7016 wa grey woderako, chifukwa mukangoti grey mudzalandira grey wa mitundu itatu pa oda imodzi.

Koma nanunso amdala muli ndi mbali yanu, ndipo apa ndi pomwe mikangano imayambira, a kampani amati munabweretsa zauve inu mukuti anaononga ndi iwo. Asidi sachotsa slag, chikhokho chija chotsala pamwamba pa welding, sachotsanso penti wakale kapena zija mumalemba ndi maka wa penti, ndiye pamalo amenewo zinki sagwira, pamatsala chigamba chakuda. Gogodani slag yense, pitsanipo gilaindala. Ngati mwagwiritsa ntchito square tube kapena paipi n'kutseka mbali zonse, boolani mabowo opumira ndi otulukira zinki. Ichi si cha masewera, mpweya ndi chinyezi zikatsekeredwa mkati pa kutentha kuja chitsulo chimaphulika mu thanki anthu n'kupsa, kampani yodziwa ntchito ikana kulandira. Mabowo a mabawuti akulitseni pang'ono chifukwa zinki amawachepetsa, ndipo mabawuti ake akhalenso a galvanised, apo ayi dzimbiri liyambira pomwepo. Malata opyapyala amapindika akamizidwa. Funsaninso kutalika kwa thanki yawo musanadule zitsulo. Welding yonse ithe musanapite nazo, kuwotcherera pa chitsulo cha galvanised kumaotcha zinki pamalopo ndipo utsi wake umadwalitsa, usiku mumangomva thupi kuphwanya ndi kutentha.

Musapititse onse 200 ulendo umodzi. Yambani ndi sampulo, ma bracket atatu kapena anayi, akatuluka kasitomala wanu awaone avomereze, imodzi itsale ku kampaniyo, inayo kwa inu, zonse zomangiriridwa kachikwangwani kosainidwa ndi mbali zonse. Mkangano ukadzabuka mudzangoitulutsa. Papepala lomwelo pakhale tsiku lomaliza ntchito, amene alipire ngati zina zakanidwa n'kufunika kubwereza pamodzi ndi thiransipoti yake, komanso kuti ma drawing anu ndi dzina la kasitomala asazipereke kwa wina, mu Lusaka muno oda imakutsetserekani m'manja inu muli maso. Galvanising kawirikawiri amatchaja pa kilo, ndiye mumvetsetsane ngati sikelo ndi ya musanamize kapena atamiza kale, poti zinki amawonjezera kulemera. Werengani ma pisi polowa ndi potuluka, delivery note isainidwe. Dipoziti perekani inde, koma yotsalayo mukaona katundu.

Mukatenga, musawaunjike ali onyowa pansi pa tenti makamaka nyengo ya mvula, zinki watsopano amachita zoyera ngati ufa akasowa mpweya, ikani timatabwa pakati. Ndipo kasitomala akaumirira kuti akufuna akuda, zimatheka kupopera powder pamwamba pa galvanising, zimakhalitsa kuposa chilichonse pachokha, kungoti muwauziretu a galvanising kuti pabweranso powder pamwamba kuti akonze moyenera, ndipo mtengo wa ntchito ziwirizo muulowetse mu kotesheni yanu musanaitumize.