Mwana wanga akuopa keigo: ayambire pati?

Mayi wina alemba kuti mwana wawo wamkazi wapeza mwayi wa maphunziro ku Japan kudzera mu MEXT, unduna wa zamaphunziro wa boma la Japan. Chijapani cha tsiku ndi tsiku akuchidziwa, koma keigo, kalankhulidwe ka ulemu, kakumusowetsa tulo. Akufunsa: ayambire pati?

Mayi, mumuuze mtima ukhale pansi. Mwana amene anakula akunena kuti "agogo abwera" osati "gogo wabwera", ulemu ali nawo kale m'kamwa. Chimene chidzamudabwitse n'chakuti Ajapani nthawi zina amasinthiratu mneni. Kudya ndi taberu, koma akamadya mphunzitsi amati meshiagaru. Kunena ndi iu, kwa wamkulu ndi ossharu. Kupita, kubwera ndi kukhalapo, zonse zitatu zimasanduka irassharu, n'chifukwa chake mukangolowa m'sitolo amakulonjerani kuti "irasshaimase". Imeneyi ndi sonkeigo, yokweza mnzako. Aneni otere ndi ochepa, angowaloweza pamtima. Ena ambiri amangotsata njira imodzi: kaku, kulemba, amakhala o-kaki ni naru.

Palinso kenjōgo, yodzichepetsa wekha: ukamadya iwe umati itadaku, ukamapita umati mairu. Ophunzira ambiri amapunthwa pomwepa, kudzikweza okha ndi meshiagaru. Mu 2007 boma la Japan linatulutsa malangizo ogawa keigo m'magulu 5, koma mwanayu asazunguzike nazo. Ayambe wakhazikika pa desu ndi masu, mathero a ulemu wamba a ziganizo, kenako atsegule buku lophunzirira Chijapani la Minna no Nihongo, phunziro 49 ndi 50.

Pomwe ndikufuna amvetsetse kwambiri ndi apa, chifukwa Chichewa chathu chidzamupusitsa. Ife mlendo akafunsa za bwana, timayankha kuti "abwana atulukapo", ulemu wonse uli pamenepo. Ku Japan ayi. Ajapani amasiyanitsa uchi, a m'nyumba, ndi soto, akunja. Pamaso pa kasitomala, bwana wako ndi wa m'nyumba, choncho umamutsitsa pamodzi ndi iwe mwini. Tiyerekeze mwanayu akuphunzira ntchito pa kampani ina, foni yalira, woimbayo akufuna bwana Tanaka. Sanganene kuti Tanaka-san (-san ndi mawu a ulemu owonjezera pa dzina), ngakhale mtima ukumuuza kuti ndi mwano. Ayankhe kuti "Tanaka wa seki o hazushite orimasu", kutanthauza kuti "Tanaka wachokapo pamalo pake", dzina lokha, ndi mneni wodzichepetsa. Ndikudziwa kuti kwa mwana woleredwa bwino kwathu kuno zidzamuwawa pakamwa masiku oyamba.

Madzulo muzimuthandiza. Inu mukhale kasitomala woimba foni, mungotchula dzina la bwanayo, iye aziyankha chiganizo chimenecho mokweza mpaka lilime lizolowere.