Yankho pa sensa ya airbag yapansi pa mpando

Achimwene, mwati Corolla yanu ikuyatsa nyali yolembedwa "passenger airbag off" ngakhale mayi akunyumba atakhala kutsogolo. Musazengereze nazo. Sensa yapampando sikumva kulemera kwawo, ndiye pangozi airbag (thumba la mpweya loteteza munthu) yambali yawo mwina singatuluke.

Chotsani kaye batire, mudikire mphindi zingapo, kenako musuzumire pansi pa mpando. Pulagi yachikasu ya mawaya imene ili pamenepo imakhwepa chifukwa chokankhakankha mpando kapena mabotolo ogubuduzika. Zikakanika, kapimitseni pa kompyuta. Sensa ikasinthidwa imafunika kuichunanso pampando palibe kanthu.

Mu December 2023 Toyota inaitanitsa magalimoto pafupifupi 1 miliyoni ku America, a 2020 mpaka 2022, kuti akakonzedwe chifukwa cha sensa imeneyi, choncho fufuzani ndi nambala ya chasisi ngati yanu ili m'gululo. Makaniko akati angoikapo resistor (kachipangizo konamiza kompyuta ya galimoto) kuti nyali izime, chonde mukane.