Tafunsani Azakhali: Ndikuphunzitsa ku Dubai, amuna anga ndi ana ndingawatenge?

Azakhali,
Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Chinamwali konkuno ku Zomba. Ndinkaphunzitsa sayansi pa sekondale ina mpaka chaka chatha pomwe ndinapeza ntchito pa sukulu ya pulaiveti ku Dubai. Panopa ndabwera ku holide koma kubwerera ndekhanso mtima ukukana, wamng'onoyu ndi wa zaka 3 ndipo tsiku lomwe ndafika anathawira kwa agogo ake ngati wabwera mlendo. Ndikufuna ndiwatenge onse, ana ndi bambo awo omwe. Vuto achibale a amuna anga akuti kumayiko a Aluya mkazi sangaitanitse mwamuna, zikalata zimayendera bambo basi. Chinanso ife tinangopanga chinkhoswe, kutchalitchi kapena kwa DC sitinapite, komanso mwana woyambayo, wa zaka 12, ndi wa bambo wina. Ndiyambire pati?
Mphunzitsi, Chinamwali

Mwana wanga,
Alamu akowo uwauze mwaulemu kuti nkhani yawo ndi ya kale. M'mbuyomu inde mzimayi ankavutikirapo, ku Abu Dhabi ankafuna akhale mphunzitsi, injiniya, dokotala kapena namwino ndipo azilandira madiramu (ndalama za kumeneko) 10,000 pamwezi, kapena 8,000 ngati abwana akumupatsa nyumba, moti waona kuti ngakhale nthawi imeneyo aphunzitsi munali kale mkati. Kuyambira 2019 dziko la UAE, komwe kuli Dubai ndi Abu Dhabi, linasiya kuyang'ana mtundu wa ntchito, limayang'ana malipiro, ndipo muyezo wa aliyense ndi madiramu 4,000 kapena 3,000 kuphatikiza nyumba. Pasukulu pako pali munthu amene amathamanga ndi za maviza, amati PRO, mulembere lero lomwe akuuze chiwerengero chomwe ofesi ya ku Dubai ikufuna kwa mzimayi woitanitsa mwamuna, ndipo akuyankhe molemba osati pa foni.

Koma ntchito yeniyeni ili kuno kumudzi, ndiye holide imeneyi usaithere pa maukwati ndi kugawa mapefyumu.

Chinkhoswe ndi ukwati weniweni, lamulo lathu la maukwati la 2015 limauvomereza ukwati wa chikhalidwe mofanana ndi wa kutchalitchi, wa kumzikiti kapena wa kwa DC. Koma wa pa kauntala ku Dubai sadziwa kuti nkhoswe nchiyani, sungamuonetse vidiyo ya malume ako akulandira nkhuku, iye akufuna satifiketi yokhala ndi chidindo cha boma. Ndiye tenga amunako ndi ankhoswe a mbali zonse, mupite ku ofesi ya DC ku boma kuno akuuzeni momwe mungalembetsere ukwati wanuwo. Musadikire sabata yonyamuka, zinthu za kaundula sizitheka tsiku limodzi.

Ana nawo aliyense akhale ndi satifiketi ya kubadwa yochokera ku NRB, ofesi ya boma ya kalembera wa anthu. Kabuku ka kusikelo si satifiketi, chonde. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, ndiye ang'onoang'onowo mwina zawo zilipo kale mu kompyuta, wamkuluyo ndi amene angakuyendetseni. Kenako mapasipoti ku Immigration ku Blantyre. Apa ndiye tcheru, khala pansi usiku ana atagona, yala mapepala onse pamkeka, chiphaso cha unzika, pasipoti, satifiketi ya ukwati, za ana, uwerenge mayina chilembo ndi chilembo. Ife timaona ngati zazing'ono kuti pena palembedwa dzina la bambo ako, pena la amunako, pena dzina la mwana lili ndi "l" pomwe kwina lili ndi "r", koma kunjako ndi anthu awiri osiyana amenewo ndipo fayilo imabwerera uli kutali, wokukonzera kuno palibe.

Mapepalawo akatuluka sanathebe, ayenera kudindidwa ku unduna wa zakunja ku Lilongwe, kenako ku ofesi ya kazembe wa UAE, ukafika ku Dubai adindidwenso ndi unduna wawo nkumasuliridwa m'Chiarabu ndi womasulira wovomerezeka. Momwemo udachitira ndi digiri yako muja.

Za mwana woyambayo. Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, palibe angakufunse ukamutenga. Uko nkosiyana, mayi akamaitanitsa mwana amafuna kalata ya bambo womubereka yonena kuti sakuletsa, amaitcha NOC. Ngati bambowo anamwalira pafunika satifiketi ya imfa, ngati anangosowa kapena akukaniza dala pita kukhoti upeze chikalata choti mwanayo ali m'manja mwako. Ndikudziwa kukagogoda pakhomo pa munthu amene munasiyana moipa nkowawa, tuma ankhoswe akale aja kapena achimwene ako, ndipo usalembe wekha kalatayo nkusaina dzina lake, imeneyo ndi ndende. Msinkhu usakudetse nkhawa, kuyambira 2022 mwana wamwamuna ungamusunge pa viza yako mpaka zaka 25, wamkazi mpaka atakwatiwa.

Tsopano ya chinsinsi, yomwe ambiri amachita nayo manyazi. Aliyense wa zaka 18 kupita mmwamba amayezedwa magazi ndi chifuwa asanapatsidwe viza yokhala, iweyo unadutsamo ukudziwa. Akapezeka ndi HIV viza sapatsidwa, amabwezedwa, olo munthuyo akhale wathanzi bwanji pa ma ARV. Ine lamulo limeneli sindigwirizana nalo koma ndi lawo. Ndiye amunako akayezetse konkuno kaye mwakachetechete, inu awiri, asanasiye ntchito, asanagulitse njinga yamoto, mpingo usanawapangire pemphero lotsanzikana. Zikavuta mudziwiretu muli pakhomo panu, mukonze zina, mwina ana azipita okha iwo azibwera kudzacheza.

Ndalama uwerengenso bwino. Kufika pa 4,000 nkokwanira kwa boma koma si kokwanira kudyetsa anthu asanu, ndi madola pafupifupi 1,090 okha amenewo. Pakufunika nyumba ya lendi yolembetsedwa, ku Dubai amati Ejari, kapena kalata ya sukulu ngati nyumba ndi yawo, ndipo chipinda chogawana ndi aphunzitsi anzako sichiwerengedwa. Inshulansi ya chipatala ya aliyense ili pamutu pako ngati sukulu sikulipira. Ndiye fizi, ana a alendo ambiri amaphunzira sukulu zolipira, tsegula kontrakiti yako uone ngati muli malo a ana ako ndipo angati, chifukwa ena amalipirira mmodzi kapena awiri, wachitatu nkudzionera. Akalowa dzikolo muli ndi masiku 60 oti zonse za viza yokhala zithe.

Amunako atha kugwira ntchito ali pa viza yako, zinaloledwa mu 2019, bola kampani yowalemba iwatengere chilolezo. Koma mukambirane zoona zake, miyezi yoyamba adzakhala pakhomo, kuperekeza ana, kuphika, kupempha ya thiransipoti kwa iwe, kunja kukutentha kupitirira madigiri 40, munthu wozolowera kamphepo kotsika m'phiri la Zomba. Ena amapirira, ena amayamba kulusa. Ngati ali pantchito yokhazikika afunse kaye za tchuthi chosalipidwa asanalembe kalata yosiya.

Azakhali,
Akazi anga apeza malo ophunzitsa masamu ku England. Mnzanga wina akuti ku UK analetsa kutenga banja, zoona?
Bambo wa ku Matawale

Bambo,
Mnzanuyo wamva mbali imodzi. Omwe analetsedwa kuyambira March 2024 ndi opita kukasamalira okalamba ndi odwala, aphunzitsi a viza ya Skilled Worker, ya anthu a luso pa ntchito, amatengabe mwamuna ndi ana osakwana zaka 18, ndipo inuyo mukaloledwa kugwira ntchito. Chopweteka ndi mtengo. Kupatula ya viza, pali ndalama ya chipatala yolipiriratu, mapaundi 1,035 pachaka munthu wamkulu ndi 776 mwana, kuchulukitsa ndi zaka zonse za vizayo, nthawi imodzi. Muonetsenso kuti mu akaunti muli mapaundi 285 a inu, 315 a mwana woyamba ndi 200 a mwana aliyense wotsatira, pokhapokha sukuluyo italemba kuti ikusamalirani. Kuyezetsa TB nkokakamiza kwa ochokera ku Malawi ndipo kumachitikira pa chipatala chomwe a UK anavomereza, osati chilichonse. Mayi atsogole akalandire malipiro angapo, inu ndi ana mutha kufunsira viza pambuyo pake.