Take On Me inagwa kawiri isanadzuke

Achemwali, mwafunsa za nyimbo imene mwana wanu wa Folomu 3 wakhala akuyiliza pa foni sabata yonse, ija yoyamba ndi kiyibodi yothamanga, kuti inachokera kuti, komanso kuti zatheka bwanji mwana wa dzulodzuloli kumaimba nyimbo yomwe inu munkavina muli mtsikana. Dzina lake ndi Take On Me, oimba ake ndi a-ha. Ndaona ena ayankha kuti ndi Angerezi, ena akuti ndi a ku America. Ayi ndithu. Ndi anyamata atatu a ku Norway: Morten Harket woimba, Magne Furuholmen wa kiyibodi, ndi Pål Waaktaar wa gitala. Nkhani yake ndi yaitali pang'ono, mundipirire.

Kiyibodi imene mukuimva koyambirira ija ndi yakale kuposa gulu lenilenilo. Magne anaipeka ali mnyamata wa zaka pafupifupi 15, pa nthawi imene iye ndi Pål anali m'gulu lina lotchedwa Bridges ku Oslo. Anyamatawo ankaimba nyimbo zolemera, zamtundu wa The Doors, moti kachidutswa kosangalala koteroko ankakaona ngati kopepuka, koyenera kutsatsira chingamu. Mpaka anaipatsa dzina lachipongwe loti The Juicy Fruit Song, kutengera dzina la chingamucho. Inasanduka Miss Eerie, ndipo a-ha itakhazikitsidwa mu 1982 inasandukanso Lesson One. Morten ndiye amene sanaiderere. Atangoimva anaona kuti pali chinachake.

Ku Norway kunalibe msika woti n'kuwafikitsa kumene ankafuna, choncho anakwera ulendo wa ku London. Kumeneko anavutika ngati mmene amavutikira wina aliyense wopita kutauni kwa eni ake ndi chikwama chimodzi. Anapeza malo ojambulira mu situdiyo ya John Ratcliff, kudzera mwa iyeyo anakumana ndi Terry Slater amene anadzakhala manijala wawo, kenako kampani ya Warner Bros. inawalemba.

Apa ndiye pali zimene ambiri sadziwa. Take On Me imene inu mukuidziwa si yoyamba. Yoyamba inatuluka mu October 1984, woijambula anali Tony Mansfield. Kwawo ku Norway inafika pa nambala 3, koma kwina konse inangoti zii. Inali ndi kanema wake, anyamatawo atangoima akuimba kutsogolo kwa chinsalu cha buluu, wopanda chilichonse choti munthu n'kukumbukira. Ili pa YouTube, mukaimve. Mawu ndi omwewo, kiyibodi ndi yomweyo, koma ikumveka yowonda ngati ndiwo zosathira mchere. Kampani inalola kuti ayesenso, ulendo uno ndi Alan Tarney, ndipo ndi iyeyu amene anaipatsa thupi limene tikulidziwa. Yatsopanoyo inatuluka ku Britain chakumayambiriro kwa 1985. Inagwanso.

Makampani ambiri akanalekera pomwepo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku ofesi ya Warner ya ku America kunali mkulu wina, Jeff Ayeroff, amene anakhulupirira kuti nyimboyo ilibe vuto, chikusowa ndi choti anthu aone. Anaika ndalama pa kanema watsopano n'kuitana Steve Barron, yemwe anali atapanga kale kanema wa Billie Jean wa Michael Jackson. Nkhani ya mu kanemayo ndi iyi: mtsikana wakhala m'kalesitilanti ku London akuwerenga buku la zithunzi zojambula pamanja, za mpikisano wa njinga zamoto. Mnyamata wa m'bukumo amutsinzinira diso, dzanja lojambulidwa ndi pensulo lituluka patsamba n'kumukokera m'katimo. Wogulitsa tiyi poona kuti kasitomala wasowa asanalipire, akwinya bukulo n'kuliponya m'bini. M'katimo anthu awiri ovala zipewa zachitsulo ayamba kuthamangitsa awiriwo, wina atanyamula chisipanala. Pomaliza mnyamatayo adzimenyetsa kukhoma uku ndi uku mpaka atasanduka munthu weniweni. Mtsikanayo anali Bunty Bailey, mnyamatayo ndi Morten mwini wake.

Mwana wanu akaona kanemayo mwina anena kuti ndi fyuluta ya pa foni. Mumuuze kuti kunalibe zimenezo. Ankayamba ajambula anthu enieni ndi kamera, kenako Michael Patterson ndi Candace Reckinger ankatenga chithunzi chimodzichimodzi n'kuchitsatira ndi pensulo papepala. Zithunzi pafupifupi 3,000, ntchito ya masabata 16. Njirayi imatchedwa rotoscoping. Kunjenjemera kwa mizere kumene mukukuona kuja n'chifukwa choti dzanja la munthu silibwereza mzere ndendende, ndipo kwa ine n'kumene kumakometsa kanemayo. MTV, wailesi ya kanema yoonetsa nyimbo, itayamba kumuonetsa, zinthu zinatembenuka. Pa 19 October 1985 nyimboyo inafika pa nambala 1 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, koyamba kuti gulu la ku Norway lifike pamenepo. Ku Britain anaitulutsa kachitatu ndipo inakafika pa nambala 2, itatsekerezedwa ndi The Power of Love ya Jennifer Rush. Chaka chotsatira kanemayo anatenga mphoto 6 pa MTV Video Music Awards.

Tsono mukawerenga zimene azungu amalemba, pafupifupi onse amathera poti kanema ndiye anapanga nyimboyi. Ine ndimavomereza theka lokha. Kanemayo anaitsegulira chitseko, zimenezo n'zoona. Koma taganizani za ife. Kuno kunalibe wailesi ya kanema mpaka TVM itayamba mu 1999. Ine ndinaimva koyamba pa wailesi ndi pa kaseti imene mchimwene wanga anajambulitsa kwa mnzake, ndipo kanema wakeyo ndinadzamuona ndili bambo wa ana. Zaka zonsezo sindinkadziwa za mtsikana wa m'lesitilanti, sindinkadziwa nkhope ya Morten, ngakhale Norway sindikanamuloza pa mapu. Komabe ikangoyamba pa disiko ya kusukulu, mabenchi ankatsala okha. Inunso mwanena kuti munkaivina. Kodi munali mutaona kanemayo? Ngati nyimbo inagwira anthu amene sanaone chithunzi ngakhale chimodzi, ndiye kuti mphamvu yake ili m'makutu.

Choyamba ndi kiyibodi ija. Anaiimba pa makina otchedwa Roland Juno-60, mothandizidwa ndi Yamaha DX7, ndipo ng'oma zake si za munthu, ndi makina a LinnDrum. Mtundu wa nyimbo zotere, zodalira synthesizer m'malo mwa magitala, ndi umene umatchedwa synthpop, ndipo m'zaka za m'ma 1980 unali ponseponse ku Ulaya. Zambiri za nthawi imeneyo mukazimva lero zimanunkha ukale, chifukwa chokoma chake chinali kulira kwachilendo kwa makinawo, ndipo makina akakalamba nyimbo imakalamba nawo. Iyi ndi yosiyana. Kachidutswa kaja mutha kukaimba ndi mluzu, pa gitala ya chigubu, pa malimba, pa lipenga la bandi ya apolisi, ndipo aliyense akazindikira musanafike pakati. Kamadumphadumpha pa liwiro la kugunda pafupifupi 169 pa mphindi, lomwe ndi lothamanga kwambiri poyerekeza ndi nyimbo zambiri za pa wailesi. Miyendo imayamba yokha mutu usanaganize.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiona chachikulu, ndi kolasi. Inu a kwaya mumvetsa msanga. Morten amayamba kolasiyo pansi penipeni, m'dera la besi. Mzere wachiwiri akwera, wachitatu akweranso, ndipo pomaliza ali m'mwamba mwakuti ngakhale atena abwino amakanika, akuimba ndi mawu aang'ono aja amuna amabwereka kwa akazi. Kuchoka pansi kufika pamwambapo ndi ma octave awiri ndi theka, mu kolasi imodzi. Ndiye chimachitika n'chiyani? Aliyense amatha kuyamba nawo, chifukwa poyambira ndi pofewa, mawu ake ndi ochepa komanso otalikitsa. Aliyense amadziwanso kuti kutsogoloko kuli phiri. Munthu umapitabe, mtima uli m'mwamba, n'kukagwera pa noti yomaliza ija anzako akuseka, iwonso atagwa chimodzimodzi. Nyimbo imene imakuitana kuti uyese n'kukugwetsa mosangalatsa sutopa nayo. Ndinaonapo pa ukwati wina ku Lilongwe madoda a mimba zawo atagwirana mapewa akulimbana ndi noti imeneyi, palibe anaifika, koma anauza DJ kuti abwereze.

Mawu ake enieni, kunena zoona, si akuya. Ndi mnyamata wamanyazi amene akunyengerera mtsikana kuti amulole asanachoke. Chingerezi chakenso n'chopindika pang'ono, mutu wa nyimboyo si mmene Mngerezi angayankhulire, ndipo ena amati anangotembenuza mawu a chinenero chawo. Ine sindiona vuto. Mwina n'chifukwa chake ife amene tinkaimba mongotsatira kamvekedwe sitinkamva kuti tikuphonya kanthu.

Za mmene yafikira kwa mwana wanu, njira zake n'zambiri, ndipo m'badwo uliwonse unaipeza pa khomo lakelake. Mu 1998 gulu la ku America la Reel Big Fish linaiimba ndi malipenga. Mu 2000 anyamata a A1 anaibwereza ndipo yawoyo inafika pa nambala 1 ku Britain, pomwe eni ake analephera, dziko ilibe chilungamo. Mu 2013 Pitbull ndi Christina Aguilera anatenga kiyibodi ija n'kumangirapo Feel This Moment, moti alipo achinyamata amene amaganiza kuti a-ha ndiwo anabera Pitbull. Inamvekanso mu filimu ya Super Mario Bros. ya 2023, yomwe ana ambiri anaionera. Kanema wa pensulo uja anamukonzanso kuti azioneka bwino pa makina a masiku ano, ndipo mu February 2020 anadutsa 1 biliyoni ya kuonedwa pa YouTube. Mu 2024 anadutsa 2 biliyoni. Pa TikTok ndi kwina kumene anthu amaika timakanema tatifupi, nyimbo imafunika kugwira munthu m'masekondi ochepa, ndipo iyi inabadwa ili yotero kale.

Koma umboni umene unandikhutiritsa ine ndi wa 2017. Chaka chimenecho a-ha anajambula MTV Unplugged, pulogalamu yoimba ndi zida zosadalira magetsi, pa chilumba cha Giske kwawo ku Norway, ndipo anaiimba Take On Me pang'onopang'ono, popanda makina a ng'oma, popanda kuthamanga, kiyibodi yodumpha ija atayichotsa. Ndinkayembekezera kuti ikhala chigoba. M'malo mwake inatuluka nyimbo yachisoni, ya munthu wamkulu amene akudziwa kuti nthawi yatha. Mawu omwe aja amene tinkavina, oti mawa kapena mkuja ndikhala nditapita, anamveka ngati akutsanzika pa maliro. Ndi imeneyi imene anaiika mu filimu ya Deadpool 2 mu 2018, ndipo mu gemu ya The Last of Us Part II ya 2020 muli mtsikana amene amaiimba yekha ndi gitala mwa mtundu womwewo. Nyimbo yoti uichotse liwiro, makina ndi kanema koma n'kutsalabe ili chiimire, imeneyo inamangidwa bwino.

Kanthu kena kakang'ono, poti wina wanena kuti a-ha anali a nyimbo imodzi. Ku America mwina ndi mmene amawaonera, koma kwina ayi. The Sun Always Shines on T.V., ya mu chimbale chomwecho cha Hunting High and Low, inafika pa nambala 1 ku Britain mu January 1986. Mu 1987 anaimba nyimbo ya filimu ya James Bond, The Living Daylights. Ndipo mu January 1991 anaimbira anthu 198,000 olipira pakhomo m'bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro. Si anthu a nyimbo imodzi amenewo. Morten analengeza mu June 2025 kuti ali ndi matenda a Parkinson, omwe akhudzanso mawu ake, choncho noti ija tiziimvera pa zimene anajambula kale.

Madzulo ano khalani ndi mwanayo mumvetsere zitatu motsatizana: ya 1984, ya 1985, kenako ya ku Giske ija. Musamuuze kanthu poyamba, mungoyang'ana nkhope yake ikafika yachitatu. Ndipo mudzatiuze kuti pakati pa inu ndi iye ndani anayandikira noti yomaliza, poti ine ndinasiya kuyesa pomwe ana anga anandijambula mobisa n'kutumiza pa gulu la banja.